Lole Yogona ndi Oyilo Wakuda M'mimba

Petronela anachoka ku Makata mdima utagwa kale, chigubu cha oyilo wakuda chili pamutu. Sikuti anachita kufuna kuchedwa. Anyamata a pagalaja anamuuza kuti adikire amalize kukhetsa injini yomaliza, ndipo mnyamata akamakupatsa chinthu chaulere safulumira. Atafika pasiteji, kondakitala anangoyang'ana chigubucho n'kupukusa mutu.

"Mayi, zimenezo zidetsa anthu."

Wa kabaza nayenso anakana. Basi, Petronela anakonza nkhata yake n'kuuyamba wapansi kulowera ku Ndirande.

Oyiloyo anali wa lole. Mwamuna wake, malemu Januario, anagula lole ya asilikali pa okushoni asanakwatirane n'komwe, chilole chobiriwira, matayala ofika m'chiuno. Anachotsa tenti ndi mabenchi, n'kukweza mabodi kuti izinyamula njerwa, mchenga, nthawi zina maliro opita ku Nsanje. Dizilo akasowa m'tauni, anzake akugona pamizere, Januario ankangodutsa akuimba hutala. Lole yake inkamwa oyilo wotha ntchito, uja amataya m'magalaja.

Kusefa inali ntchito ya Petronela. Oyilo ankamusiya mu mgolo milungu ingapo kuti madzi ndi tizitsulo zitsike pansi. Kenako ankamutenthetsa, n'kumuthira m'miyendo ya jinzi yakale yomanga kumunsi, azidontha pang'onopang'ono. Akatero ankamudutsitsanso mu bulangete. Zikhadabo zake zinada mpaka kutchalitchi ankabisa manja polandira ukaristia. Koma za m'kati mwa lole sankazidziwa. Januario ankati, "Zakumigolo n'zako, zakutsogolo n'zanga." Amuna ndi choncho. Amafa ndi zinthu m'mutu ngati kumandako akukayendetsa galimoto.

Tsiku lomwe anamwalira, Januario analowetsa lole pabwalo koma sanatsike. Injini inkangolira. Petronela atakwera anamupeza atagonera chiwongolero. Anakoka kachingwe kozimitsira kuti amve ngati akupuma. Sankapuma. Kuyambira tsiku limenelo loleyo sinalirenso.

Ndiye kunabwera Samuel, mng'ono wa malemu, munthu amene sanagwirepo sipanala chibadwire. Anatenga njinga, wailesi, ngakhale nsapato za malemu zosamukwana. Zitatha izo anayamba kuzungulira lole, amvekere, "Alamu, iyi yatsatira mwini wake. Tiidule tigawane zitsulo." Achibale anakhala pansi n'kugamula kuti ikalira ikhala ya ana, ikapanda kulira idulidwa. Anagamula choncho akudziwa kuti amakaniko awiri anali atailephera kale. Odula zitsulo anali oti abwera m'mawa mwake.

N'chifukwa chake Petronela anali mumsewu usiku umenewo. Ankaganiza kuti mwina oyilo wa mu thanki wakhalitsa, akathira watsopano ilira. Mumtima ankadziwa kuti oyilo sasefedwa usiku umodzi. Koma kungokhala pakhonde kudikira gasi wa odula zitsulo, zimenezo ayi.

Magetsi anali atazima. Anasiya tala n'kulowa njira yachidule yotsikira ku kamlatho ka pa Nasolo, ija imadutsa m'mbali mwa manda a Asilamu. Kunali bata. Mphepo inkaomba pang'ono, yozizira bwino pakhosi. Khosilo ndiye linali litayamba kuwawa.

Atangoponda pamlatho anamva fungo. Osati la mtsinje, limenelo aliyense amalidziwa. Linali fungo la chitsulo chowotcherera kumene.

"Bweretsani ndikunyamulireni, amayi."

Petronela sanatembenuke. "Foni yanga ndi ya mabatani, achimwene. Mukafuna tengani, koma chigubuchi ndifa nacho."

Munthuyo anaseka pang'ono. Anali bambo wachikulire, wamfupi, atavala ovolosi yong'ambika m'mawondo ndi chisoti choyera cha kumzikiti. Sanadikire yankho. Anatula chigubucho ndi dzanja lamanzere n'kuyamba kuyenda nacho ngati mulibe kanthu. Petronela anaona kuti dzanjalo linali ndi zala zitatu zokha.

Anayenda limodzi kwa kanthawi. Khosi linapuma. Petronela anamva mtima ukutsika, koyamba chimwalirire mwamuna wake.

"Mumasefa bwino," bambo aja anatero. "Vuto si oyilo."

"Inu mukundidziwa?"

"Loleyo sinafe. Inagona ndi wakuda m'mimba."

Petronela anawayang'ana. Iwo maso anali kutsogolo.

"Imadzuka ndi dizilo. Ikatentha imamwa wakuda. Isanagone imabwerera ku dizilo. Pansi pa mpando wa dalaivala pali kachitsulo kophimba. Kuseri kwake kuli kampopi. Katembenuzireni kukhomo, mbali ya thanki yaing'ono ya dizilo. Mbaula pansi pa mapaipi. Mupope mpaka wakuda atuluke, woyera abwere."

Anayankhula ngati munthu wowerenga dua kumzikiti, osakweza mawu, osapuma. Apa m'pamene Petronela anazindikira kuti akumva masilipasi ake okha. Phwa, phwa, phwa. A bambowa ayi. Chigubu chikamayenda chimakhutchumuka. Ichi chinali zii. Agalu a kutsidya, omwe amauwa ngakhale nkhuku, anali chete.

Anafuna kufunsa dzina.

Kumtunda kunatulukira galimoto, nyali zake n'kuwaunika kumsana. Zithunzithunzi zinagwera kutsogolo, pafumbi. Chake chinalipo, chachitali, nkhata ili kumutu. Pambali pake panali cha chigubu...

Cha chigubu chokha! Chikuyenda m'malere!

Galimoto inakhota. Mdima unabwerera. Anayesa Tikuoneni Maria, mawu anathera pakati. Kuthawa? N'kusiya oyilo? Anapitiriza kuyenda. Phwa. Phwa. Fungo la chitsulo lija linali paphewa pake penipeni.

Anafika pomwe mpanda wa manda unagumuka.

"Ine ndafika," bambo aja anatero. "Musalole aidule. Thanki imeneyo inandivuta."

Chigubu chinali pansi, pakati pa njira. Panalibe munthu. Udzu wa pampanda sunagwedezeke n'komwe.

Momwe anasenzera, momwe anafikira kunyumba, Petronela sakumbuka. Anakhala pakhonde, rozale ili m'manja, kuyang'ana chilole chija chili ndii pabwalo. Mantha atachepa, mkwiyo unabwera, ndipo mkwiyo ndi umene unamudzutsa. Anakoleza mbaula. Anakwera ndi tochi ya pafoni n'kugwada pomwe mwamuna wake ankaponda. Kachitsulo kanalipo. Kampopi kanalipo, kosalala chifukwa chogwiridwagwiridwa. Zaka zonsezi Januario akamawerama asanazimitse injini, iye ankayesa akukanda mwendo.

Anakatembenuzira kukhomo. Anaika mbaula pansi pa mapaipi, patali pang'ono kuti asayatse lole ya ana ake. Anamasula kabawuti ka pasefa ya injini monga ankaonera malemu akuchita, n'kuyamba kupopa. Kunatuluka phala lakuda, lolimba ngati uchi wa m'mwezi wa Juni. Anapopa mpaka chala chinatupa. Kum'mawa kukuyera, phala linatha, kunabwera dizilo woyera.

Samuel anafika dzuwa litatuluka, atavala nsapato za malemu, akuyenda ngati waponda minga. Kumbuyo kwake kunali Hafizi, wodula zitsulo wa kumsika, akukankha wilibala ya mabotolo a gasi.

"Alamu, tsikani kumeneko. Anthu abwera kuntchito."

Petronela anapotokola kiyi. Injini inakhosomola kamodzi, kawiri, kenako inabangula. Utsi wakuda unadzaza bwalo, nkhuku zinabalalika, ana anatuluka m'nyumba akukuwa. Samuel anabwerera m'mbuyo mpaka anaponda m'ngalande.

"Yalira kapena sinalire, alamu?" Petronela anafuula ali pawindo. "Kaitaneni achibale anu amve okha!"

Samuel anayamba zoti wina wamuthandiza mwachinyengo, koma palibe ankamumvera. Hafizi anali atasiya wilibala. Anayandikira, n'kusuzumira pansi pa mpando, n'kusisita mzere wa wedilo pa thanki yaikulu.

"Amayi, kampopi aka wakuonetsani ndani? Malemu ankakana kuuza ngakhale makaniko."

"Bambo ena ake. Ndinakumana nawo usiku pamlatho wa Nasolo. Achikulire, aafupi, a chisoti choyera."

"Dzina?"

"Sananene. Anangoti thanki imeneyi inawavuta."

Maso a Hafizi anapita pa chigubu chomwe chinali pakhonde, chisanatsegulidwe. Pachogwirira pake, pa pulasitiki yachikasu, panali chidindo cha dzanja la oyilo. Chala chachikulu, ndi zina ziwiri. Basi.

Anavula kapu yake pang'onopang'ono.

"Amenewo ndi ababa anga, Che Mwantumu. Thanki iyi anawotcherera ndi iwo, ine ndili wamng'ono. Zala zinazo zinatsala pa loleyi, bodi itawagwera." Analoza cha ku Nasolo. "Tinawaika kalekale, amayi, korona isanabwere. Manda omwewo a kumtunda kwa mlatho, pafupi ndi pomwe mpanda unagumuka."

Samuel anatsegula pakamwa. "Ndiye zodulazi..."

"Kapezeni wina, bwana," Hafizi anatero, akutembenuza wilibala. "Koma mu Ndirande muno simumupeza."

Petronela anadikira injini itenthe, anawerama, n'kutembenuzira kampopi ku wakuda. Lole inasintha mawu pang'ono, n'kupitiriza kulira.