Ripeka ndi Katumbu Wofundula

Ripeka ankakhala pachilumba cha Rakiura. Ankakonda kuthandiza. Ankathandiza ngakhale asanamupemphe.

Tsiku lina anapita kugombe ndi galu wake, Pango. Pamchenga panagona katumbu wa m'nyanja, chinyama chonenepa chokhala ndi zipsepse m'malo mwa miyendo. Anachokera kutali, kumadzi oundana a kummwera. Anali wamtali ngati bwato laling'ono.

Koma katumbuyo sankaoneka bwino. Khungu lake linali zigambazigamba. Linkasendeka kumsana. Linkasendeka kumaso. Ripeka anagwidwa chisoni. Anaganiza kuti katumbuyo afa.

Pachilumbapo, nangumi akatsakamira pamchenga, anthu amamuthira madzi. Mwana aliyense amadziwa zimenezi. Ripeka anathamangira kunyumba. Anatenga ndowa. Anatunga madzi a m'nyanja, n'kuwakapizira pa katumbu uja.

Khwaa!

Katumbu anadzutsa mutu. Anayasamula kukamwa, n'kubangula. Pango analiyatsa liwiro. Ripeka anabwerera chafutambuyo, n'kugwa chagada.

Amalume ake, a Hoani, ankasoka ukonde chapafupi. Anabwera msanga, n'kumukokera patali. Kenako anayamba kuseka.

"Bwanji adokotala? Wodwala wakana mankhwala?"

"Musaseke, amalume. Akufatu uyu."

"Sakufa, mwanawe. Akufundula."

Amalume anamufotokozera bwinobwino. Chaka chilichonse katumbu wotereyu amavula khungu lakale. Pa nthawiyi amamva kuzizira msanga. N'chifukwa chake amatuluka m'madzi. Amagona pamtunda, osadya kanthu, mpaka ubweya watsopano utamera.

Ripeka anayang'ana ndowa yake. Anachita manyazi.

"Ndiye ndimuthandize bwanji?"

"Musiye agone," anatero amalume. "Agalu asamuyandikire. Anthu asamuyandikire."

Imeneyi inali ntchito yovuta kwa Ripeka. Manja ake sankadziwa kukhala chete. Komabe anayesa. Anamanga Pango pachingwe. Tsiku lililonse ankakhala pamwala, patali ndi katumbu. Anthu akamabwera, ankawapempha kuti adutse chapatali. Ana akamasokosa, ankaika chala pakamwa.

Pafupi ndi mwalawo panali chimphika chachitsulo, chadzimbiri. Ripeka ankachiona kuyambira ali wamng'ono. Tsiku lina anafunsa kuti chinali cha chiyani. Amalume sanaseke. Anati makolo awo ankaphikiramo mafuta a akatumbu ndi a anangumi. Mafutawo ankayatsira nyale m'mayiko akutali. Akatumbu anatsala pang'ono kutheratu.

Ripeka anayang'ana katumbu wogonayo. Mawa lake analawirira kugombe kuposa masiku onse.

Masiku anadutsa. Katumbu ankagona. Ankadzikanda. Ankagonanso. Zigamba zinkagwa pang'onopang'ono. Katumbu anaonda, koma ubweya watsopano unamera. Unali wotuwa, wosalala.

M'mawa wina katumbu anadzutsa mutu. Ananunkhiza mphepo. Anayamba kukwawa chamimba. Ankakwawa, n'kupuma. Ankakwawa, n'kupuma. Kenako analowa m'madzi, phava!

Ripeka anadikira kuti katumbu acheuke. Katumbu sanacheuke.

"Wapita osatsanzika n'komwe," anatero Ripeka, misozi ili lengelenge.

Amalume anakhala pamwala pambali pake. Anamupukuta misozi ndi chipewa chawo.

"Kale, katumbu akagona pamchenga uno, sankabwereranso kwawo," anatero amalume.

Ripeka anayang'ana panyanja. Kamutu kakuda kanavuuka kutali, kenako kanamira. Mtima wake unakhala m'malo. Anatsamira paphewa la amalume ake, n'kumwetulira.

"Koma wangayu wabwerera kwawo," anatero Ripeka.