Nsalu Yomwe Tinamuyalira Malaki

Madzulo a tsikulo ndinkamanga denga. Wailesi inali ikulengeza kuyambira m'mawa kuti namondwe afika mawa lake, ndipo mudzi wonse unali pa ntchito yomwe tinaiphunzira tili ana: kuponya zingwe pamwamba pa malata, kuzimangirira ku mitengo ya kokonati, kukhomera matabwa m'mazenera, kukokera mabwato kumtunda. Ine chingwe ndinali nacho, koma mkono unkakana. Ndinachiponya, chinandibwerera pamutu. Moevao, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana ndi yanga, anaseka mpaka kutsokomola. Anati ndingozisiya, denga ndi mwini wake onse ndi otha, namondwe asankha yekha woyamba kunyamula.

Sananame. Anamondwe ndawaona ambiri kuno ku chilumba cha Upolu moti mayina awo anandisokonekera. Zaka sindiziwerenganso ndi Khrisimasi, ndimaziwerenga ndi madenga amene ndakhoma. Dzulodzuloli ndinali mnyamata wokwera kokonati osapumira panjira. Kungophethira, mkazi wanga Sialei wagona pansi pa simenti, anyamata anga ali ku Auckland, ine ndikutafuna talo, chilazi chathu cha kuno, ndi nkhama.

Pakhomo panga panali manda a bambo, a mayi, a Sialei, ndipo chakumchenga kwenikweni panali kamanda kakang'ono ka mkulu wanga Malaki. Ndili mwana, kuchokera pamenepo kukafika kumadzi unkayamba wadutsa bwalo la masewera a kiriketi. Bwalolo nyanja inadya kalekale, pang'onopang'ono, namondwe aliyense kulumako pake. Pofika nthawiyo mafunde akakwiya ankanyambita simenti ya Malaki.

Mwana wanga wamkazi Fualaau, yekhayo amene anatsala kuno, anabwera dzuwa likulowa. Amakhala kuphiri, kumunda kwa mwamuna wake. Anandiuza kuti m'mawa abwera ndi galimoto kudzanditenga, ndipo ulendo uno ndi wonka, sindidzabwereranso kudzagona m'nyumba yoyang'anizana ndi madzi. Mphepo ikatha adzasamutsa ndi mafupa omwe, onse akagone kumtunda. Ndinavomera. Ndinalibe mphamvu zokangana.

Atapita ndinakhala pa manda a Malaki. Aliyense m'mudzi muno amadziwa kuti munalibe mafupa m'menemo. Chimene sadziwa ndi chimene ndikulemba panochi.

Malaki anatayika pa nyanja ali mnyamata wongoyamba kumera ndevu. Anapita ndi bwato kukachotsa ukonde namondwe asanafike, namondwe n'kufika msanga. Bwato tinalipeza. Iye ayi. Tsono munthu akafera m'madzi osapezeka, abale amayala nsalu yoyera pamchenga n'kumamuitana. Kachilombo koyamba kukwera pansalupo, kaya nyerere, kaya chiwala, ndiye iyeyo wabwera. Amakakulunga n'kukaika m'manda ngati munthu. Kupanda kutero amangoyendayenda, wozizidwa, wosadziwa njira ya kwawo.

Tinayala nsalu m'mawa. Mayi anaitana mpaka mawu kusasa. Azakhali anaitana. Palibe chinabwera. Mphepo inali itasesa chilichonse, ngakhale ntchentche kunalibe. Dzuwa linapendeka, mvula inayambanso kuwaza, ine njala itandipotokola m'mimba. Kunyumba nkhumba inali itapsa kale, fungo lake likufika mpaka kumchenga. Amalume anati tipemphere, onse anaweramitsa mitu n'kutsinzina. Pafupi ndi phazi langa panali kankhanu, kaja kamayenda katasenza chigoba cha nkhono. Ndinakatola. Ndinakaika pansalu.

Mayi atatsegula maso anangoti, "Wabwera." Anakakulunga, nakanyamula pachifuwa ngati khanda. Usiku umenewo anagona tulo koyamba chitayikire mwana wawo, ine ndinadya nkhumba mpaka kukhuta. Manda amenewo mayi ankawasesa m'mawa uliwonse kufikira tsiku lomwe manja awo analephera kugwira tsache. Ndinkati ndiwauza ndikakula. Nditakula ndinati ndiwauza akayamba kupeza bwino. Kenaka ndinali ndi ana, denga lofunika kukhoma, lina, linanso. Ndinadzidzimuka ndikuwathira dothi.

Tsono madzulo aja ndinaona kuti watsala usiku umodzi wokha. Ndikapita kuphiri, m'mphepete mwa nyanja muno simutsalanso wa magazi athu womuitana.

Belu la mapemphero a madzulo linalira, silinda yakale ya gasi ija amaimenya ndi chitsulo. Ndinaimba nyimbo ndekha, ndinamwa koko wanga. Magetsi anazima. Ndinatsegula bokosi la Sialei n'kutulutsa nsalu yoyera ya pabedi, yomwe ankasungira alendo. Tochi ndinaisiya.

Kunja kunali bata la mtundu uja umabwera namondwe asanafike. Masamba a kokonati ali chilili. Agalu onse zii. Kutali kumatanthwe mafunde ankasweka mwakachetechete, ngati munthu akupuma m'tulo. Mwezi unali m'mitambo yopyapyala, kuwala kokwanira kuona dzanja lako. Ndinayala nsalu pamchenga, ndinaika mwala pangodya iliyonse. Kukhala pansi kunanditengera nthawi chifukwa cha maondo.

"Achimwene, bwerani tizipita kunyumba," ndinatero. Mawu anga anandichititsa manyazi. Anali a nkhalamba.

Ndinaitananso. Ndinaitana mpaka kukhosi kuuma. Ndinayamba kudziseka kuti ndikadwala chifuwa pachabe. Kenaka ndinamva madzi akuphwanyika, khuvu, khuvu, ngati munthu akuwoloka pofika m'maondo.

Sindinathawe. Ndinangoyang'ana kumadziko.

Malaki anatuluka m'madzi atasenza nkhafi paphewa. Nsalu yake ya m'chiuno inali yomwe anavala tsiku lija, yamaluwa ofiira, yomangidwa mfundo kumanzere. Madzi ankayenderera m'tsitsi, osaleka. Anayenda molunjika kufika pamphepete pa nsalu, naima. Zala za kumapazi kwake zinatsala pang'ono kuikhudza. Ndinamva fungo la mafuta a kokonati amene mayi ankatidzoza Lamulungu.

Atandiona anaika nkhafi pansi, nayamba wakhala, chifukwa mwana woleredwa bwino salankhula ndi wamkulu ali chiimire.

"Pepani agogo, mudzi uno ndi uti?"

Ndinamuuza. Anayang'ana uku ndi uku, napukusa mutu. Anati sizingatheke, kwawo kuli bwalo la kiriketi, nyumba yawo ili kuseri kwake, ya denga laudzu. Anati wakhala akuzungulira chichokereni madzulo, mdimawu wamusokoneza, ndipo mayi ake amukalipira chifukwa ukonde wautaya.

Chichokereni madzulo. Ine ndakwatira, ndabereka, ndaika maliro, ndathothoka mano, iye akadali m'madzulo omwe aja.

"Achimwene, ndine Ioelu," ndinatero.

Anandiyang'ana. Kenaka anaseka, kuseka kwake kuja kotulukira m'mphuno, koma anadzigwira msanga poopa kundinyoza.

"Ioelu ndi kamwana kamamina, agogo. Ndakasiya m'mawa kakulirira kukwera nawo bwato."

Ndinayesa zonse. Ndinamukumbutsa za galu wathu wopanda mchira, za tsiku lomwe anandimenya chifukwa chothyola mbedza yake, za chipsera cha pabondo langa. Ndinamuonetsa chipseracho, koma chinali chitabisika m'makwinya. Potsiriza ndinamuuza za kankhanu. Ndinanena zonse, ndi za nkhumba zomwe, zimene sindinauzepo m'busa kapena Sialei. Ndinalira ngati mwana. Iye anamvetsera ataweramitsa mutu, mmene achinyamata amamverera nkhalamba yosokonekera, mwaulemu, kudikira kuti imalize.

Nditamaliza ndinamupempha kuti angoponda pansalupo, phazi limodzi lokha, ndimunyamule ndikamugoneke pafupi ndi mayi.

Anaiyang'ana nsaluyo nthawi yaitali.

"Si yathu iyi," anatero. "Ndidikira amayi, agogo. Iwowo sangagone ine ndisanafike."

Mayi anagona, ndipo amene anawagoneka ndine. Ndinayamba kufufuza m'mutu munthu woti ndikamudzutse, nkhope yomwe Malaki angaizindikire. Amalume. Azakhali. Anzake opalasa nawo bwato. Mtsikana wa kwaya amene ankamusekerera. Onse ali pansi pa simenti, ena simenti yawoyo nyanja inatenga kale. M'mudzi monse munatsala ine ndekha womudziwa, ndipo ine nkhope ndinaisiya m'njira.

Tinangokhala choncho, iye mbali iyo ya nsalu, ine mbali ino, tonse kuyang'ana kumadzi. Ankanjenjemera pang'ono. Nthawi ina anandifunsa ngati kucha msanga. Ndinati inde, kuno kumacha msanga kwambiri. Ndikanakonda kulemba kuti ndinamulondera usiku wonse. Koma ndine nkhalamba. Ndinagona.

Anandidzutsa ndi Moevao, akundigwedeza phewa n'kumandinena kuti ndine mbuzi yopanda nzeru, ngati ndikufuna kufa ndikafere pamphasa anthu asavutike kundinyamula. Kumwamba kunali kofiirira moipa, mphepo itayamba kale kuweramitsa mitengo. Galimoto ya Fualaau inkaliza hutala kumsewu. Malaki panalibe. Nsalu inali youma, yoyera, yopanda kanthu.

M'mphepete mwake munkayenda kankhanu kosenza chigoba. Kanafika pa nsalu, kanaima, kanatembenuka n'kumatsata mphepete osakwera. Dzanja langa linanyamuka lokha. Ndinaliona likupita, lamitsempha, dzanja lomwe lija. Ndinalibweza n'kulikhalira.

Fualaau anatsika kudzanditenga. Anafuna kupinda nsalu ya mayi ake, ndinamupempha aisiye. Anayang'anizana ndi Moevao, naisiya.

Namondwe anafika masana. Denga langa linapita, monga ananenera Moevao. Kamanda ka Malaki kanapitanso, pamalo pake pali madzi. Mafupa a bambo, a mayi ndi a Sialei tinawasamutsa, ali kuno kuphiri pafupi ndi nthochi. Nyanja ndimaionera patali tsopano, kachidutswa kabuluu pakati pa mitengo.

Kumudzi akuti mutu wa Ioelu wayamba kuzungulira, anakagona pamchenga kuyesa pabedi, mpaka kuyala nsalu. Ena akuti ndinkafuna kutsatira Sialei. Moevao yekha sanena nawo. Anabwera kudzandiona Lamulungu lapitali atatenga chipatso cha ulu chowotcha, ndipo Fualaau atalowa m'nyumba anandiuza motsitsa mawu kuti m'mawa uja anaona mapazi pamchenga, a munthu wosavala nsapato, ochokera m'madzi kufika pamphepete pa nsalu. Obwerera sanawaone. Anatinso anyamata amene akuzula malata m'mabwinja athu amaweruka dzuwa lisanalowe, chifukwa kukayamba mdima kumabwera mnyamata waulemu, wonyowa, kudzawafunsa njira ya ku bwalo la kiriketi.