Mafunso Alondola Ndege Wapansi

Panali mtsikana wina wamng'ono. Kwawo ankamutchula kuti Mafunso. Mwana ameneyu pofunsa sankatopa ayi.

Mafunso ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna amayi ake.

Amayi ake anadwala kwambiri. Kandege kakang'ono kanawatenga. Kanakatera nawo pabwalo lina la ndege, pafupi ndi chipatala. M'nyumba munangoti zii.

Abambo ake ankagwira ntchito pabwalo la ndege la kwawo. Bwalolo linali laling'ono, la udzu. Ndege ikamabwera, iwo ankathamangitsapo mbuzi.

"Ababa, kumene kuli amayi n'kutali?" anafunsa Mafunso.

"Pa ndege ndi ola limodzi lokha, mwanangu," anatero abambo.

Mafunso anaganiza. Popita kusukulu, nayenso amayenda ola limodzi. "Ndiye ndi pafupitu!" anatero chamumtima. Ha! Tsiku limeneli sanafunsenso funso lina.

M'mawa mwake anavala nsapato za kusukulu. Ananyamuka osatsanzika. Analowera kumene ndege imalowera.

Anayenda. Anayenda. Anayendabe. Bwalo lija silinaoneke. Dzuwa linafika pamutu. Bwalo lija silinaonekebe.

Anapeza bambo wina akukonza msewu.

"Zikomo bambo, bwalo lina la ndege lili pafupi?"

"Iwe mwana!" anadabwa bamboyo. "Kumeneko ngakhale basi imagona m'njira. Pali mapiri. Pali mtsinje waukulu. Wapansi sungafike."

Mafunso anakhala pansi. Mapazi ake anali ndi matuza. Ludzu linamugwira. Mtima unamuwawa kwambiri.

"Sindidzawaonanso amayi anga," anatero akulira.

Kenaka kumwamba kunamveka phokoso. Kanali kandege kaja! Kankalowera kwawo kwa Mafunso.

"Imani!" anakuwa Mafunso. "Nditengeni! Ndikufuna amayi anga!"

Koma ndege ilibe makutu. Kanachepa. Kanachepa. Kanazimiririka. Mafunso analira mpaka mawu anasasa. Wokonza msewu uja anamupatsa madzi. Sanamulole kupitirira.

Dzuwa litapendeka, kunatulukira njinga. Anali abambo ake, thukuta lili kamukamu. Anamupeza pofunsa anthu m'njira.

"Mwana iwe, wandidula mtima," anatero abambo. "Ndege yadutsa ija yabweretsa amayi ako. Atsika n'kufunsa za iwe. Iwe palibe. Kunyumba akulira."

Mayo ine! Mafunso analiranso. Anakwera njinga. Anagwira malaya a abambo mwamphamvu.

Kunyumba, amayi anali pampando pafupi ndi khomo. Anali ataonda. Maso awo anali ofiira.

"Amayi!"

"Mwana wanga!"

Amayi anamukumbatira. Anamuvula nsapato pang'onopang'ono. Abambo anabweretsa madzi ofunda m'beseni.

"Ndimabwera kwa inu, amayi," anatero Mafunso. "Koma njira siimatha."

"Ndadziwa, mwanangu. Mapaziwa andiuza."

"Amayi, mupitanso?"

"Ayi, sindipitanso. Ndachira. Bweretsa phazi linalo kuno."