Maliro Opanda Nyimbo ku Kabwata

Masiku a Chitaganya, nyumba ya a Abson Mvula ku Kabwata inkadziwika ndi nyimbo. Iwo anali mkulu wa mpingo komanso woyambitsa nyimbo m'tchalitchi. Mwana wawo Petros ankakhala pa benchi lakutsogolo, besi yake n'kumamveka mpaka kumsewu.

Petros atapeza ntchito yosamalira maluwa kwa mzungu ku Woodlands, anapalana ubwenzi ndi Kabamba, wophika wa nyumba yoyandikana nayo. Tsiku lina Kabambayo anamuuza m'chiyankhulo cha m'tauni kuti:

"Shani, ba Petros! Sande ndiye siku yathu yopumula, imwe muionongela mu chalichi? Tiyeni ku biyaholo tikamweko moba."

Petros sanakane Mulungu ayi. Anangosamukira pa benchi lapakati kuti azituluka msanga. Kenaka lakumbuyo. Posakhalitsa ankamvera ulaliki ali panja pansi pa mtengo, njinga ili m'manja.

Bambo ake anamuitana.

"Mwanawe, abusa anatiphunzitsa liwu la Chigiriki limene Paulo analembera Atesalonika ponena za kupanduka. Amati apositasiya. Tanthauzo lake ndi kuchoka pamalo pako n'kukaima patali. Wopanduka sayamba ndi kutukwana kumwamba. Amangosuntha."

"Koma bambo, ndalakwira yani? Sindinabe, sindinamenye munthu."

"Nanga pa benchi lako pakukhala ndani?"

Nkhutukumveyo anangoseka, nakwera njinga yake. Akulu a mpingo anamuitana, sanapite. Anamuika pa chilango, sanabwerere. Pomaliza anamuchotsa mumpingo, ndipo bambo ake omwe anakweza nawo dzanja kuvomereza.

Lamlungu lina masana, akuchokera kumowa ali dzandidzandi, Petros anagundidwa ndi lole pamsewu wa ku Woodlands, nafera pomwepo. Kabamba uja ngakhale pamaliro sanaoneke.

Mwambo wa mpingowo aliyense ankaudziwa: wofa ali kunja kwa mpingo saimbiridwa nyimbo. A Rhoda, mayi a malemuyo, anagwada pamaso pa amuna awo.

"Bambo a Petros, ndime imodzi yokha. Maliro onse a m'Kabwata muno mwaimbira ndinu."

Misozi ya a Abson inali chuchuchu, koma nyimbo sinatuluke. Zinali zomvetsa chisoni kuona khamu lonse lija likupita kumanda lili chete, kukumveka mapazi okha.

Wachinyamata iwe, usadzinamize kuti sunapanduke popeza sunatukwane Mulungu. Yang'ana pamene unkakhala kale, uyang'anenso pamene wakhala lero. Petros anayamba ndi benchi limodzi.