Yaimuna Imodzi M'botolo

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuweta tintchentche ta m'zipatso mu labotale ya pa yunivesite. Ndinalekera Fomu 4, koma madokotala akasokonezeka amathamangira kwa ine. Yaimuna ndi yaikazi ndimazisiyanitsa ndi diso lokha.

Kenaka kunabwera kadokotala, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Kankafufuza za chibadwa cha ntchentche: jini lobisala m'kati mwa jini linzake, lopanga enzaimu, mankhwala a m'thupi okonza uthenga wa chibadwa wotchedwa RNA, ngati mphunzitsi wochonga kope. Apulofesa malovu ankachita kuuma pokatama.

"Mayi, mwezi wamawa makiyi a chipinda cha ntchentche muwapatse adokotalawa. Inu mupumeko," anatero apulofesawo tsiku lina.

Ndipume? Anawauza ndani kuti ndatopa?

Ntchito ya kadokotalako inkadalira zazikazi zosakumanapo ndi yaimuna. Yaimuna imodzi ikangolowa m'botolo, miyezi itatu yalowa m'madzi, ndipo wosasamala amakhala mwini botolo.

Lachinayi, anthu ataweruka, ndinadya bwinobwino kunyumba. Kutada ndinabwerera, kabotolo ka yaimuna, kotseka ndi thonje, kali m'thumba. Mlonda anali m'tulo.

Ndinatsegula. Fungo la yisiti linandilonjera ngati masiku onse. Magetsi sindinayatse, koma nyale ya pa maikulosikopu inali yoyaka kale. Pampando panga panali munthu. Mayi wa imvi, wovala choyera, atandifulatira, akusankha ntchentche ndi kaburashi. Tsa. Tsa. Tsa.

"Adokotala?"

Mayiyo anangopitiriza kusankha.

M'mashelefu munali mabotolo mazana, koma panalibe ntchentche yoyenda. Zonse zinamata pagalasi, timaso tofiira kwa ine.

Mayiyo anatambasulira dzanja kumbuyo, osacheuka.

"Bweretsa kuno, mng'ono wanga. Thonje umalitsekabe mokhota, ngati tsiku lija."

Ndinatulutsa kabotolo m'thumba. Ndinapereka.

Kutacha kadokotala kanandipeza nditakhala pansi, kabotolo kopanda kanthu kali pamiyendo.

"Amayi, mwagona muno?"

Mabotolo ake onse anali bwinobwino. Yaimuna ija inapezeka mu langa, ikuyendayenda pakati pa zazikazi zanga. Makiyi anandilanda tsiku lomwelo.

Oyeretsa amanong'ona kuti amene ndinamuona usiku uja anali mayi amene ankakhala pampando uja ine ndisanautenge. Akuti anachotsedwa ntchito yaimuna itapezeka m'botolo mwake, nalira mpaka pageti, ndipo anamwalira chaka chatha. Ine sindiwayankha, ndi anthu osaphunzira.

Koma mawu aja ndinawazindikira asanafike n'komwe pa thonje.