Nyimbo Ikaduka, Ponda Buleki

Madzulo a tsiku limenelo panalibe chachilendo. Namazira anatsuka pikapu yake, nasanja mathireyi pakhonde, nalowa m'nyumba. Dzina limeneli anamupatsa ndi eni magolosale amene ankawaperekera mazira, moti la makolo linachita kuiwalika. M'nyumbamo anali awiri okha, iye ndi mlamu wake, mkazi wa mchimwene wake. Mchimweneyo anali kutali kuntchito. Mlamuyo anali woyembekezera, wotopa kale, ndipo kusikelo anali atamuchenjeza kuti mwana wagona mopingasa, asadzayerekeze kuchilira pakhomo kapena panjira.

Ntchito ya mazirayi Namazira anaiphunzira kwa malume ake. Eee, koma kunali dalaivala kumeneko! Anzawo ankawaseka kuti a Bilimankhwe, ati ngakhale wanjinga akhoza kuwapitirira. Iwo ankangomwetulira, n'kunena kuti kuthamanga sikufika. Zaka zonse zimene anakhala pamsewu sanaswepo dzira, sanagundepo ngakhale nkhuku. Oseka aja ambiri anatsogola kumanda, malume akadali pachiwongolero.

Ankayenda galimoto ziwiri, malume patsogolo, Namazira pambuyo. Malume anali ndi kapuleya kakang'ono ngati bokosi la machesi, kodzaza nyimbo zakale za gitala. Ankakalumikiza ku kachipangizo kolowetsa pabowo loyatsira fodya, ndipo kachipangizoko kankaponya nyimbozo mu wailesi ya m'galimoto, bola wailesiyo uitchere pamalo opanda siteshoni, paja pamangoti shiii. Tsono mkuluyo, poti anali wanzeru zake, anazindikira kuti nyimbozo zimatayikira kunja pang'ono, moti galimoto yotsatira pafupi imathanso kuzitola. Basi anapangapo lamulo.

"Mwanawe, tchera wailesi yako pamene ndatchera ine," anatero. "Nyimbo ikamamveka bwino, uli pambuyo panga. Ikayamba kukanda, watsalira, ndikudikira. Koma ikaduka mwadzidzidzi, usafunse. Ponda buleki."

Ndipo ankadikiradi. Sanamusiyepo m'mbuyo ngakhale tsiku limodzi.

Pa nyimbo zonsezo panali ina yachilema. Malume anaijambula okha poika kapuleyako pafupi ndi sipika, ndiye chapakati pake pankamveka iwo akutsokomola. Namazira ankawaseka nayo kwambiri. Anamwalira ndi chifuwa chomwecho, pabedi pawo, ndipo galimoto yawo inatsala kuseri kwa nyumba, itakhala pa njerwa, yopanda matayala. Chimwalirireni malumewo Namazira sanayatsenso wailesi yake. Mtima sunkamulola.

Usiku umenewo anadzidzimuka wina akumugwedeza phewa.

"Alamu, dzukani. Zayamba."

Anamukweza kutsogolo, chikwama pamiyendo, n'kuliza galimoto. Chipatala chinali kuseri kwa mapiri, ndipo msewu wake unali wokhotakhota, phompho mbali imodzi. Atangoyamba kukwera chitunda anakumana ndi chifunga. Chifunga chake si chamasewera ayi. Nyali zinkangogunda choyera n'kubwerera m'maso. Ngakhale boneti sinkaoneka.

Anachepetsa liwiro mpaka galimoto kumangokwawa. Mlamu anagwira chitseko, mano ali gwa.

"Alamu, tifika koma?"

"Tifika."

Koma mumtima ankadziwa kuti pa mayendedwe amenewo kuwachera ali panjira. Akathamanga, agwera kuphompho. Akapitiriza kukwawa, ataya mayi ndi mwana yemwe. Mantha anamugwira enieni, oti ngakhale pemphero silinkatuluka. Pofuna kuti asamve kubuula kwa mlamu wakeyo, anangotambasula dzanja n'kuyatsa wailesi.

Shiii.

Inali pomwe paja anaisiya.

Ndiye pansi pa phokosolo panayamba kumveka kanthu. Gitala. Chapansipansi, ngati akuimbira kutsidya la mtsinje. Namazira anaponda mafuta pang'ono. Gitala uja anayera. Anasuzumira kutsogolo kuti aone nyali zofiira za galimoto ina. Kunalibe. Anayang'ana pagalasi. Mdima wokhawokha.

Anadziuza kuti tizipangizo totere tili ndi anthu ambiri, mwina pali wina patsogolopa amene nyali zake zinafa. Nyimbo zakale si za munthu mmodzi. Inatha imeneyo, inayamba ina. Imeneyi ankaidziwa mpaka m'mafupa. Anagwiritsa chiwongolero, akudikira chapakati paja.

Panamveka munthu akutsokomola.

Tsitsi linamuima. Phazi linachoka pa mafuta. Nthawi yomweyo nyimbo inayamba kukanda. Kenako, pang'onopang'ono, inayeranso yokha, iye asanaponde kalikonse. Wina kutsogoloko anali atachepetsa liwiro. Ankamudikira.

"Ndani akuimbitsa zimenezo?" anafunsa mlamu.

"Gwiritsani chitseko, alamu."

Anaponda mafuta. Sankaonanso msewu, ankayendera makutu. Akapatukira kumbali, nyimbo inkakanda. Akabwerera, inkayera. Pokhota inkazilala mbali ina, iye n'kupinda chiwongolero kuilondola. Ndipo liwiro linkakwererakwerera. Misozi ili mbwembwembwe, Namazira anapezeka akuseka. A Bilimankhwe akuthamanga! Munthu amene moyo wake wonse sanathamangirepo ndalama, lero akuthamangira kamwana koti sanakaonepo.

Anatsika chitunda, nakwera china. Woimba anali pakati pa mawu.

Zii.

Sanafunse. Phazi linapita lokha pa buleki. Matayala analira, galimoto inaterereka, mlamu anakuwa, chikwama chinagwera pansi. Kenako zonse zinaima.

Namazira anatsika. Anatambasula dzanja kutsogolo kwa boneti, n'kukhudza chitsulo chozizira. Inali lole yodzaza mitengo, itafera pakati pamsewu, yopanda nyali, yopanda chizindikiro chilichonse. Mtengo wina unali utatulukira kumbuyo, utaloza pagalasi, mbali imene anakhala mlamu.

Pansi pa loleyo panatuluka bambo atafunda bulangete, tulo tili m'maso.

"Mayi, mwaiona bwanji? Ine ndemwe sindikuiona."

"Galimoto imene inali patsogolo pangayi yadutsa pati?"

"Galimoto iti? Chigwereni chifungachi simunadutse kanthu muno. Ndinu oyamba."

Asanayankhe, m'galimoto mwake gitala anayambiranso, chapansipansi. Wapatsogolo uja anali atadutsa kale. Ankamudikira kuseri kwa loleyo.

Analambalala mosamala, n'kuitsatanso nyimboyo. Chifunga chinayamba kupepuka atatsikira kuchigwa, ndipo msewu unaoneka wonse, wautali, wopanda galimoto ina iliyonse. Koma nyimbo inali mbee, ngati woimbayo wakhala pampando wakumbuyo. Inamufikitsa mpaka pageti la chipatala.

Mlonda anatsegula, anamwino anathamanga ndi kabedi kamatayala, mlamu n'kulowa naye. Namazira anatsala m'galimoto, injini ikulira. Nyimbo inayamba kukanda. Anadikira kuti iyerenso monga mwa nthawi zonse.

"Malume," anatero chonong'ona.

Inapitiriza kukanda, ikunka kutali, mpaka panatsala shiii yekha. Aka kanali koyamba kuti amusiye m'mbuyo, ndipo zinamupweteka kuposa tsiku la maliro.

Kutacha namwino anatuluka n'kumuuza kuti mlamu wachira, ngakhale anachita kumung'amba. Mphatso inali ya mwana wamwamuna. Ananenanso kuti akanachedwa pang'ono pokha, bwenzi akukamba zina.

Pobwerera Namazira sanapite kwawo. Anakhotera kwa akazi a malume. Galimoto ija inali pomwe paja, pa njerwa, nkhuku itaikira mazira pampando wa dalaivala. Anawapeza mayiwo akusesa pabwalo, ndipo atapatsana moni anawafunsa kuti kapuleya ka malume kali ndi ndani.

Mayiwo anaimika tsache.

"Wafunsiranji?"

"Ndangofunsa."

"Kali ndi eni ake. Ndinakaika m'thumba la jekete limene tinawaveka. Ndinati ulendo ndi wautali, asayende opanda nyimbo."

Namazira anakhala pansi pomwepo, pafumbi, n'kuwafotokozera zonse. Mayiwo sanadabwe n'komwe. Anangopukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Nanga unkati angakusiye pachifunga? Bambo ajatu sankadziwa kusiya munthu."

Nkhaniyi inawanda. Makaniko wa pakona anati tizipangizo timeneti sitiponya nyimbo kupitirira poponya mwala, choncho wina analipo ndithu pamsewupo, pafupi penipeni. Amayi a pamjigo ankanong'onezana kuti munthu woyenda pang'onopang'ono chotero ngakhale kumanda sangakhale atafika, adakali m'njira. Madalaivala otsala mwa oseka aja anasiya kutchula za Bilimankhwe.

Mchimwene wake atabwera, pofuna kuthokoza, anagulira Namazira wailesi yatsopano, yolumikiza ndi foni popanda chingwe. Ikadali m'katoni mwake pamwamba pa kabati. Yakale ija imayaka ulendo uliwonse, pamalo omwe aja opanda siteshoni, ndipo wokwera naye akatambasula dzanja kuti asinthe, amamumenya pachala.

"Koma simukuimba kanthu umu," amadandaula.

"Ndikudziwa," amatero Namazira, maso ali pamsewu. "Isiyeni choncho."