Chitumbuwa cha Ethel Chaphwa

Ethel ndi mwana wanga. Ine ndayenda ku Beira. Ndayenda ku Joni. Koma mwana wanzeru ngati Ethel sindinamuone.

Tsiku lina Ethel anali ndi nkhawa. Ankafuna kuti agogo Toivo adye.

Agogo Toivo ndi mzungu wokalamba. Kwawo ndi ku Finilandi. Ku Finilandi ndi kutali, kutali zedi. Ine ndinakumana nawo ku Joni. Tinabwera limodzi kuno ku Balaka. Iwo amakonza mainjini a sitima. Ine ndimasoka zovala pa makina anga. Anthu ena amawatchula a Toivo kuti bwana. Ethel amati agogo.

Agogo Toivo anadwala malungo. Malungo anatha. Koma agogo sankadya.

Ethel anawapatsa phala. Anakana.

Anawapatsa nthochi. Anakana.

Anawapatsa nsomba yootcha. Anakananso.

Agogo anaonda. Buluku linayamba kuwakulira.

"Agogo, mukufuna chiyani?" anafunsa Ethel.

Agogo anayang'ana kudenga.

"Lero ndi Lachinayi," anatero. "Kwathu, Lachinayi timadya panukaku."

"Panukaku n'chiyani?"

"Ndi chitumbuwa chachikulu. Amayi anga ankachiphika mu uvuni. Ku Joni tinalipo angapo a kwathu. Tinkakumana Lachinayi. Tinkaphika, tinkadya, tinkaimba. Kuno ndili ndekha."

"Mumathiramo chiyani, agogo?"

"Mazira ndi mkaka. Ufa wa tirigu. Shuga ndi kamchere. Koma sungathe, mwanawe. Kuno kulibe uvuni."

Ethel anathamangira kwa amayi ake, a Bernadetta.

"Amayi, malungo anatha. Nanga agogo akudwala chiyani?"

"Akupukwa kwawo," anatero amayi. "Amayi anga nawonso ankapukwa. Anachokera kutsidya kwa malire, kwa Alomwe. Akapukwa, ankaphika kalongonda. Akadya, ankaseka."

"Ndiye ine ndiphika panukaku!" anatero Ethel.

Ethel ali ndi nkhuku yake. Nkhukuyo inali itaikira mazira. Ethel anatenga mazira onse. Sanasiyepo ngakhale limodzi.

Kenako anapita kwa a Usumani. A Usumani ali ndi ng'ombe.

"Odi, a Usumani! Ndikupempha mkaka."

"Ukupita nawo kuti, mwali?"

"Ndikuphikira agogo Toivo."

"Mzungu wathu woonda uja? Tenga! Ukawauze anenepe. Mphepo ingawauluze."

Ufa wa tirigu ndinapereka ine. Ufa wabwino, woyera mbee! Shuga ndinaperekanso ine.

Ethel anaswa mazira. Anathira mkaka. Anathira ufa, shuga ndi kamchere. Anatakasa, anatakasa, anatakasa. Mkono unatopa. Anatakasabe.

"Bambo, uvuni tiupeza kuti?" anandifunsa.

"Uvuni ndimaudziwa ine!" ndinatero. "Ku Beira ndinaona uvuni waukulu ngati nkhokwe."

"Nanga kuno?"

"Kuno kulibe."

Ethel anakhala pansi. Anaganiza. Kenako anadzuka.

"Amayi, chigumu mumaphika bwanji?"

"Moto pansi, moto pamwamba," anatero amayi.

"Ndiye uvuni ndi umenewo!"

Ethel anapaka mafuta m'poto. Anathiramo zonse zija. Amayi anavindikira ndi lata. Anaika makala pansi. Anaika makala pamwamba.

Tinadikira. Fungo linatuluka. Linali fungo lokoma. Linafika mpaka ku njanji!

Amayi anachotsa lata.

Ee! Chitumbuwa chafufuma!

Chafufuma ngati chulu!

Ethel anavina. Amayi analuluta. Ine ndinafuula, "Balaka yense abwere aone!"

Kenako, fwaaa!

Chitumbuwa chinayamba kuphwa. Chinaphwa pakati. Chinachita makwinya. Chinaoneka ngati chipewa chimene munthu wachikhalira.

Ethel anasiya kuvina.

"Chaphwa," anatero. "Amayi, chaphwa!"

Misozi inatsika.

"Ndiphikenso china? Koma mazira atha. Bambo, ku Joni chikaphwa amatani?"

Ndinakanda mutu. Zimenezo ku Joni sindinazione.

"Pukuta misozi," anatero amayi. "Pita nacho. Wodwala akudikira."

Ethel ananyamula mbale. Anayenda pang'onopang'ono. Ife tinamutsatira pambuyo.

"Odi, agogo."

Agogo ananunkhiza. Anadzuka pabedi.

"Fungo limeneli ndikulidziwa," anatero.

Ethel anagwada. Anayang'ana pansi.

"Pepani, agogo. Chinafufuma bwinobwino. Koma chaphwa."

Agogo anayang'ana m'mbale. Kenako anaseka. Anaseka mpaka bedi linagwedera. Anaseka mpaka misozi.

"Chaphwa? Cha amayi anga chinkaphwanso! Ana tonse tinkaima pafupi ndi uvuni. Tinkadikira kuti chiphwe. Chikaphwa, amayi ankati, 'Tsopano idyani.'"

"Ndiye sindinalakwitse?" anafunsa Ethel.

"Iyayi, mwanawe! Panukaku weniweni ndi ameneyu."

Agogo anatenga mpeni. Anadula gawo la Ethel. Anadula gawo la amayi. Anadula langa. Anadula lawo.

"Kwathu timapaka zipatso za m'tchire," anatero agogo.

"Kuno tili ndi uchi," anatero amayi.

Tinapaka uchi.

Agogo analuma. Anatseka maso. Anatafuna. Anayamba kuimba kanyimbo ka kwawo. Ife mawu sitinawamve. Koma Ethel anaomba m'manja, ndipo amayi anavomera.

Ine ndinakondwa kwambiri. Ndinaimirira. Ndinayamba kuwafotokozera za zitumbuwa za ku Beira. Ndinafotokozanso za ku Joni. Ndinafotokoza bwino zedi.

Kenako ndinakhala pansi kuti ndidye. Ndinayang'ana m'mbale.

Gawo langa panalibe!

Agogo Toivo anali kutafuna. Uchi unali m'ndevu.

Ethel analumpha.

"Bambo, agogo adya! Adya ndi lanu lomwe!"